Kodi lamulo lokha lingasinthe gulu la asilikali?

Funso: Ndimayang'anira antchito pa bungwe lina, ndipo kuti tisinthe kanthu kakang'ono timatha miyezi tili m'misonkhano. Mphwanga ndi kopolo ku usilikali, ndipo amandiseka kuti kwawo kulibe zimenezo, wamkulu akanena ndiye kuti zatheka. Komabe ndimawerenga kuti akuluakulu a asilikali amatha zaka akulengeza masomphenya ndi kuyendera magulu awo kukafotokoza za kusintha. Ngati lamulo ndi lamulo, amavutikiranji? Kusinthako amakutanthauzira bwanji, nanga amakufikitsa bwanji kwa msilikali wamba?

Yankho: Mphwanuyo sananame, bambo, koma wakuuzani mbali imodzi yokha. Lamulo limasinthadi zinthu zina tsiku lomwelo. Mkulu wa asilikali akasaina kalata yoti mabataliyoni awiri (magulu a asilikali mazana angapo) aphatikizidwe, sabata isanathe chikwangwani cha pageti chimakhala chitapentedwa kale, mabaji atsopano atasokedwa paphewa, ndipo palibe amene amaitanitsa msonkhano wofunsa ngati anthu akugwirizana nazo. Kumene lamulo silifika ndi pa zimene kaputeni adzachite usiku wina, wailesi yolumikizirana itafa, mdani atatulukira mbali imene sanamuyembekeze. Pamenepo munthu amachita zimene thupi lake linazolowera, zimene anamuphunzitsa akuyamba kumene ntchito, ndi zimene anaona anzake akukwezedwa nazo.

Ndaphunzitsa maofisala kwa zaka zambiri, ndipo ndikuuzeni: palibe anthu odziwa kumvera lamulo lonse bwinobwino koma osasintha kanthu ngati asilikali. Amachita sawatcha, amati "Inde bwana," amalemba lipoti loti zonse zatheka, kenako amangokhala phee kudikira kuti bwanayo asamutsidwe. Ndipo amasamutsidwadi. Woyang'anira bataliyoni amakhalapo zaka ziwiri kapena zitatu. Ku America mkulu wa asilikali onse a pamtunda amapatsidwa zaka 4. Sajeni amene wagwira ntchito zaka 20 waona mabwana angati akubwera ndi "njira yatsopano" n'kupita nayo m'sutikesi mwawo? Ndiye wamkulu wozindikira amadziwa kuti akangolamula osafotokoza, gulu lidzamupirira mpaka atachoka.

Pa za kutanthauzira, ntchito yoyamba ndi kutchula vuto dzina lake. Amene agonja kumene savutika nazo. Pa 14 Okutobala 1806 asilikali a Napoleon wa ku France anaphwanya asilikali a Prussia, ufumu wakale wa ku Germany, ku Jena ndi ku Auerstedt tsiku limodzi. Chaka chotsatira mfumu ya Prussia inakhazikitsa komiti yokonzanso gulu lankhondo, yotsogoleredwa ndi Gerhard von Scharnhorst, ndipo mu 1808 panatuluka lamulo loti uofisala uzipezeka chifukwa cha maphunziro ndi luso pa nthawi ya mtendere, ndi kulimba mtima pa nkhondo, osati chifukwa chobadwira ku banja lapamwamba. Olemekezeka anakana ndithu, koma palibe amene akanaimirira n'kunena kuti zinthu zinali bwino. Manda anali atanena kale.

Amene amatuluka thukuta ndi wotsogolera gulu limene lapambana posachedwa. Taonani Jenerale Eric Shinseki, amene anakhala mkulu wa asilikali a pamtunda ku America mu 1999. Gulu lake linali litagonjetsa Iraq mu 1991 pa nkhondo ya pamtunda ya maola 100 okha. Ungaliuze chiyani gulu lotero? Koma m'chaka cha 1999 chomwecho, pa nkhondo ya Kosovo, kutumiza mahelikopita 24 a Apache ku Albania kunatenga masabata ndi asilikali zikwi zingapo owathandizira, ndipo mahelikopitawo sanamenye nkhondo n'kamodzi komwe. Shinseki anagwira pamenepo. Mu Okutobala 1999 analengeza kuti akufuna gulu lotha kufikitsa buligedi (mabataliyoni angapo) kulikonse padziko m'maola 96, divishoni (mabuligedi angapo) m'maola 120, ndi madivishoni asanu m'masiku 30.

Ine ndimauza ophunzira anga kuti manambala amenewo ndi chitsanzo cha tanthauzo labwino, ngakhale kuti sanakwaniritsidwe monga anawanenera. Ubwino wake ndi wakuti sajeni aliyense akanatha kuyang'ana kasinja wake wolemera matani oposa 60 n'kudzifunsa yekha kuti, kodi chimenechi chingakwere ndege n'kukafika m'masiku anayi? Yankho analidziwa osauzidwa. M'menemo ndi mmene munatuluka mabuligedi a galimoto zankhondo za matayala zotchedwa Stryker, amene anayamba kupita ku Iraq kumapeto kwa 2003. Mbali ina ya masomphenyawo, ya zida zam'tsogolo zotchedwa Future Combat Systems, inadya mabiliyoni a madola n'kuthetsedwa mu 2009. Yerekezani zimenezi ndi wamkulu amene amangoti "tikhale gulu lamakono, lachangu, lokonzekera mawa." Mawu otero palibe amene angawatsutse, ndipo n'chifukwa chake palibenso amene amawatsatira.

Vuto likatchulidwa, akuluakulu amafunsa kuti kusinthako kukhudza ziti. Asilikali a ku America ali ndi mndandanda umene amauloweza pamtima: chiphunzitso cha kamenyedwe ka nkhondo, kagawidwe ka magulu, zoyeserera za kubwalo, zida, kaphunzitsidwe ka atsogoleri, anthu ogwira ntchitoyo, ndi nyumba kapena malo. Mayiko ena ali ndi wawo wofanana nawo. Phindu lake limaoneka mukatenga chinthu chimodzi, tinene tindege topanda woyendetsa tija. Kugula n'kosavuta. Koma kandegeko kazikhala m'manja mwa yani, pulatuni (kagulu ka asilikali makumi angapo) kapena bataliyoni? Mabatire azitchajidwa kuti, nanga anyamula ndani pamwamba pa katundu amene ali naye kale? Zimene kaona, aziuza yani kuti mizinga iwombe nthawi isanathe? Ndipo funso limene ambiri amaliiwala: mnyamata waluso woyendetsa kandegeko adzakwezedwa bwanji, poti mabuku okwezera anthu sadziwa n'komwe kuti ntchito yakeyo ilipo? Akapanda kukwezedwa amachoka, ndipo tindegeto timatsala m'makontena.

Kusintha mbali imodzi yokha kunagwetsapo anthu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pansi pa Jenerale Maxwell Taylor, America inagawanso madivishoni ake m'magulu asanuasanu pokonzekera nkhondo ya mabomba a nyukiliya, n'kuchotsa bataliyoni pakati. Papepala zinkaoneka zanzeru. Koma mawailesi ndi galimoto zoti dongosololo liyende kunalibe zokwanira, ndipo maofisala apakati anapezeka alibe gulu loti aziliyang'anira. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 dongosololo linatayidwa.

Tsopano za kufikitsa uthenga, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu akunja amalakwitsa. Amaganiza kuti uthenga ndi zimene jenerale walankhula pa perete. Zolankhulazo ndi kachigawo kochepa kwambiri.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha zimene zinachitika ku America nkhondo ya Vietnam itatha. Mu 1973 dzikolo linasiya kulemba anthu usilikali mokakamiza, ndipo linakhazikitsa likulu latsopano loona za maphunziro ndi chiphunzitso cha nkhondo, lotchedwa TRADOC, pansi pa Jenerale William DePuy. Mu Okutobala chaka chomwecho Egypt ndi Syria zinamenyana ndi Israel, ndipo m'masabata osakwana atatu akasinja ochuluka zedi anaphwanyidwa mbali zonse. DePuy anatenga nkhondo imeneyo ngati chithunzi cha zimene zingachitike ku Europe, ndipo mu 1976 anatulutsa buku lotsogolera kamenyedwe, FM 100-5. Chimene chinatsatira mphwanu sangachikhulupirire: maofisala analitsutsa bukulo poyera, m'magazini a asilikali omwewo, akuti likungophunzitsa kudziteteza ndi kuwerengera akasinja. Sanawatsekere m'chitokosi. Jenerale Donn Starry, amene analowa m'malo mwa DePuy mu 1977, anayenda ndi maganizo atsopano kwa maofisala, kwa asilikali a m'ndege, kwa aphungu ndi kwa mayiko ogwirizana nawo, akumva zotsutsa n'kumakonza. Pamene chiphunzitso chatsopano cha AirLand Battle, chogwirizanitsa nkhondo ya pamtunda ndi ya m'ndege, chinkatuluka mu 1982, ambiri ankachiona ngati chawo, chifukwa anali atakangana nacho kale.

Koma chimene chinalankhula mokweza kuposa buku ndi bwalo loyeserera nkhondo la Fort Irwin, m'chipululu cha California, limene linayamba kulandira magulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kumeneko kunkakhala gulu lochita ngati mdani, lodziwa phiri lililonse ndi chigwa chilichonse. Mfuti zinkatulutsa kuwala kwa laser m'malo mwa zipolopolo, kotero panalibe zokangana kuti ndakuwombera kapena sunandiwombere. Chipangizo chikalira, wafa. Magulu obwera monyada ankaphwanyidwa pafupifupi nthawi zonse. Kenako onse ankakhala pansi m'fumbi momwemo n'kuunika: tinkafuna kuchita chiyani, chachitika n'chiyani, chifukwa chiyani, mawa tichita motani. Pamenepo wamng'ono ankatha kunena pamaso pa bwana wake kuti lamulo linafika mochedwa. Munthu amene wagonja katatu m'sabata imodzi chifukwa chomenya nkhondo mwa njira yakale safunanso jenerale woti amulalikire. Ndipo onani zaka zake: kuchokera 1973 mpaka zipatso zake kuoneka mu 1991. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa tsiku ndi tsiku, chida chachikulu ndi chimene amati cholinga cha wolamula. Ndi mawu ochepa, okwana ndime imodzi, onena chifukwa chimene tikuchitira zimenezi, zinthu zochepa zimene siziyenera kulephereka, ndi mmene zinthu zidzaonekere tikamaliza. Ofisala amayenera kudziwa cholinga cha bwana wake ndi cha bwana wa bwana wakeyo, kuti pulani ikasokonekera adziwe kolowera popanda kufunsa. Maganizo amenewa anakulira kwa asilikali a Prussia, ndipo lero ali m'mabuku a mayiko ambiri a NATO. Amayenda ndi mnzake amene ine ndimamuona ngati wofunika kuposa onse: kubwezera uthenga. Wamkulu akamaliza kufotokoza samafunsa kuti "Mwamva?" chifukwa msilikali aliyense ayankha kuti wamva. Amapatsa wamng'onoyo nthawi, kenako amamuitana nati, "Tandiuza m'mawu ako, ndakutuma chiyani, ndipo uchita bwanji?" Apo ndi pamene zimaululika kuti uthenga unapindika pati.

Ndinaziona ndi maso anga tsiku lina. Likulu linali litatumiza chikalata chokhuthala chofotokoza kagawidwe katsopano ka magulu, chodzaza ndi mabokosi ndi mivi. Patapita mwezi ndinaima ndi kopolo wina kuseri kwa galaja, manja ake ali girizi yekhayekha, ndipo ndinamufunsa kuti akudziwapo chiyani za kusinthako. Anayang'ana uku ndi uku kaye. Kenako anati, "Bwana, akuti gulu lathu litha, ena tibwezedwa kumudzi." M'chikalatamo munalibe mawu oti munthu achotsedwa ntchito, ngakhale amodzi. Koma munalibenso mawu onena kuti sachotsedwa. Amene analemba ankaganiza za mdani ndi bajeti. Kopoloyo ankaganiza za nyumba imene akukhalamo, sukulu ya ana ake, mizere ya pamkono pake, ndi kuti bwana wake watsopano adzakhala ndani. Pamene likulu linasiya mpata, mphekesera inalowapo, ndipo masiku ano mphekesera imayenda pa WhatsApp, imafika kwa akazi ndi amuna a asilikali kalata ya bwana isanatuluke mu envulopu.

Amene anathetsa nkhaniyo sanali jenerale. Anali sajeni meja, amene anasonkhanitsa anyamatawo madzulo n'kunena zinthu zitatu: zimene zatsimikizika, zimene sizinagamulidwe, ndi tsiku limene adzabwerenso ndi yankho. Anabweradi tsikulo. Msilikali amakhulupirira munthu amene amamuona m'mawa uliwonse, ndiye wamkulu amene sanakope masajeni asadzinamize kuti wakopa gulu. Sajeni akangotukula phewa powerenga lamulo latsopano, anyamata onse amva kale kuti izi n'zongodutsa.

Pali bodza limodzi limene akuluakulu amakonda, ndipo ndimadana nalo. Boma likadula bajeti, iwo amalengeza kuti akupanga gulu "lochepa koma lamphamvu." Nthawi zina n'zoona. Koma asilikali amawerenga mabedi opanda anthu ndi galimoto zopanda matayala. Ukawauza kuti ndalama zachepa ndipo izi ndi zimene tasankha kuteteza, amadandaula koma amakutsata. Ukawapaka mafuta pakamwa, ngakhale tsiku limene udzanene zoona sadzakumvera.

Ndiye pali zizindikiro, zimene munthu wa ku ofesi angazione ngati zachibwana. Shinseki yemwe uja, pofuna kuti msilikali aliyense amve kuti ali m'gulu latsopano, analamula kuti kuyambira pa 14 Juni 2001 onse azivala chipewa chakuda cha mtundu wa beret. Koma chipewa chakudacho chinali cha a Rangers, gulu lapadera la asilikali osankhidwa, amene ankachipeza atakhetsa thukuta. Mkwiyo wake unafika mpaka ku nyumba ya malamulo, makamaka zitadziwika kuti zipewa zina zinasokedwa ku China. A Rangers anasamukira ku chipewa cha mtundu wa mchenga, ndipo kwa miyezi anthu ankakamba za chipewa m'malo mokamba za maola 96 aja. Mu 2011 chipewacho chinasiya kukhala chovala cha masiku onse pa yunifomu ya kubwalo. Ku Canada, lamulo limene nduna ya zachitetezo Paul Hellyer inalimbikitsa linaphatikiza asilikali a pamtunda, a panyanja ndi a m'ndege kukhala gulu limodzi mu 1968, onse m'yunifomu imodzi yobiriwira. Mkulu wina wa asilikali a panyanja, William Landymore, anachotsedwa chifukwa chokana. Lamulo linapambana, koma m'zaka za m'ma 1980 mayunifomu osiyana anabwerera, ndipo mu 2011 mayina akale anabwereranso. Zaka 43 anthu akusunga chinthu mumtima!

Britain inayesa njira ina pophatikiza magulu akale a ku Scotland kukhala Royal Regiment of Scotland mu 2006. Mabataliyoni anasiyiridwa mayina awo, ndipo a Black Watch, limodzi mwa magulu akalewo, anasunga nthenga zawo zofiira za pachipewa. Zinawawabe, makamaka poti chilengezo chinatuluka mu Disembala 2004, Black Watch itangochoka kumene kumalo oopsa pafupi ndi Baghdad kumene inataya anthu. Koma akuluakulu anazindikira chinthu chimodzi choona: pofotokoza zimene zisinthe, uyeneranso kunena momveka zimene sizisintha. Munthu amene mukumupempha kuti akafe chifukwa cha anzake simungamuuze kuti dzina la gulu lakelo ndi nsalu chabe.

Liwu limodzi likhozanso kusenza nkhani yonse. Pa 27 Epulo 1994 South Africa inapanga gulu limodzi, SANDF, kuchokera ku magulu 7: asilikali a boma lakale, Umkhonto we Sizwe ndi APLA (magulu amene ankamenyana ndi boma latsankho), ndi asilikali a Transkei, Bophuthatswana, Venda ndi Ciskei (madera amene boma latsankholo linapatulira anthu akuda), alangizi a ku Britain akuyang'anira kuti pasakhale kukondera. Atsogoleri ankati ndi kuphatikizana. Koma mabuku, masukulu ndi kayezedwe ka maudindo zinali za gulu lakale, ndipo mkulu wake, Georg Meiring, anakhalabe pampando mpaka 1998 pamene Siphiwe Nyanda analowa. Ambiri a Umkhonto anaona kuti akumezedwa. Chaka cha 1994 chisanathe, ambiri anachoka pamalo osonkhanira a Wallmansthal chifukwa cha madandaulo, mpaka Nelson Mandela mwiniwake anapita kukalankhula nawo. Pamene liwu la pamwamba likusiyana ndi zimene munthu akuona pa mzere wolandirira udindo, amakhulupirira mzerewo.

N'chifukwa chake ndimati uthenga weniweni wa kusintha umalembedwa pa mndandanda wa okwezedwa. George Marshall, mkulu wa asilikali a pamtunda, pokonzekeretsa America ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anapumitsa maofisala akuluakulu ambiri n'kukweza achinyamata. Dwight Eisenhower, amene kumayambiriro kwa 1941 anali asanafike n'komwe pa ujenerale, pofika Febuluwale 1943 anali ndi nyenyezi zinayi. Kumapeto kwa 2007 Jenerale David Petraeus anaitanidwa kuchoka ku Iraq, nkhondo ili mkati, kuti akatsogolere komiti yosankha majenerale atsopano, ndipo mwa osankhidwa munali H. R. McMaster, amene anali atadumphidwa kale ngakhale anachita bwino kunkhondoko. Ofisala aliyense wachinyamata anawerenga mndandandawo ndipo anamva zimene buku lililonse likanalephera kumuuza. Mukalengeza kuti mukufuna anthu oganiza paokha koma mukukweza okhawo amene sanalakwitsepo chifukwa sanayesepo kanthu, mwalankhula kawiri, ndipo anthu amvera liwu lachiwirilo.

Mwina mufunsa kuti kutsutsana konseku sikuwononga mwambo wa usilikali? Malire alipo. Chigamulo chisanapangidwe, wamkulu wanzeru amafuna kumva otsutsa, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Chikapangidwa, wovala yunifomu amachita kapena amatula pansi udindo. Opuma pantchito okha ndi amene alibe chingwe pakamwa. Jenerale David Berger atalengeza mu 2020 kuti gulu la ku America la Marine Corps, limene iye ankalitsogolera, litaya akasinja ake onse ndi kuchepetsa mizinga yakale, kuti likhale ndi timagulu ting'onoting'ono tokhala ndi mizinga yowombera zombo m'zilumba za Pacific, majenerale opuma ambiri anamuukira m'manyuzipepala. Iye anapitiriza, akutulutsa malipoti chaka ndi chaka onena zimene zoyeserera zaonetsa ndi zimene wasintha. Kaya analondola kaya analakwa, nkhondo yokha ndi imene ingaweruze, ndipo apa ndi pamene ntchito ya jenerale imasiyana ndi yanu. Bungwe lanu likasintha molakwika muziona m'mabuku a ndalama chaka chomwecho. Jenerale akhoza kupuma pantchito, kukalamba mpaka kumwalira osadziwa, ndipo amene adzalipire ndi anyamata amene panthawiyo anali asanabadwe.

Mphwanuyo akabwera ku holide, musamufunse ngati amamvera malamulo, poti yankho mukulidziwa. Mufunseni za kusintha kumene kunalengezedwa zaka zitatu zapitazo: anakumva kwa yani koyamba, sajeni wake anati chiyani bwana atatuluka, ndipo pa zoyeserera zomaliza, usiku, woyendera atapita kukagona, anachita mwa njira iti.